Kuyala betonilha yotsetsereka pa konkire musanaike matailosi

Bambo ena ochokera ku Dómuè m'boma la Angónia, amene akumanga nyumba ku Moatize kumene amagwira ntchito, atumiza funso lokhudza bafa lawo. Bafalo ndi la mamita 2 m'lifupi ndi mamita 2.5 m'litali, konkire wa pansi anathiridwa masabata atatu apitawo popanda kutsetsereka kulikonse, ndipo akathirapo madzi amadikha pakati, ena n'kumalowera kukhomo, pamene paipi yotulutsa madzi ili pangodya yakutali ndi khomolo. Mmisiri wawauza kuti asade nkhawa chifukwa kutsetsereka adzakupanga poika matailosi, pochulukitsa cimento-cola, simenti yomatira matailosi, mbali imodzi ndi kuchepetsa mbali inayo. Iwo akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona, ndipo ngati si zoona, akufuna kudziwa choyenera kuchita, muyeso wa simenti ndi mchenga, nthawi yodikira, komanso ngati khonde lawo lingakonzedwe mofanana.

Bambo, pa funso loyambalo yankho langa ndi lakuti musavomere. Sindikunena kuti mmisiri wanu ndi wachinyengo, pakuti amisiri ambiri amachita zimenezi pofuna kufulumira, koma mavuto ake amadzaonekera patapita miyezi, ntchito italipiridwa kale. Cimento-cola anapangidwa kuti azipakidwa mopyapyala, mamilimita ochepa chabe, ndipo pa thumba lake pamalembedwa kuchindikala kumene simuyenera kupitirira. Akaunjikidwa masentimita 3 kapena 4 amadzikoka pouma, matailosi ena amamira ena n'kutsala pamwamba, ndipo pansi pake pamatsala mphako zimene zimachititsa kuti tailosi isweke ndowa ikangoigwera. Vuto lalikulu kuposa limeneli ndi madzi. Mipata ya pakati pa matailosi imalowetsa madzi pang'onopang'ono ngakhale itamatidwa bwino, ndipo madziwo akafika pa konkire wosatsetsereka amakhala pomwepo, kenako amakwera m'makoma mpaka penti ya m'chipinda choyandikana ndi bafa iyambe kusupuka. Kuwonjezera apo, cimento-cola ndi wodula kwambiri poyerekeza ndi matope a simenti ndi mchenga, choncho mungawononge ndalama zambiri pa ntchito yosalimba.

Kutsetsereka kumapangidwa mu betonilha, matope a simenti ndi mchenga amene amayalidwa pamwamba pa konkire, ndipo matailosi amangotsatira mmene betonilhayo yakhalira. Ntchito imeneyi imayamba ndi tepi ndi pensulo thumba la simenti lisanatsegulidwe, ndipo ndikupemphani kuti masamu otsatirawa muwachite pamodzi ndi mmisiri wanu muli m'bafa momwemo, chifukwa ndi pamene bafa lanu lili ndi vuto limene simunalitchule m'funso.

M'bafa pansi payenera kutsika masentimita 1.5 mpaka 2 pa mita iliyonse kulowera pa ralo, kabowo kotulutsira madzi kaja. Kuchepera pamenepo madzi a sopo amachedwa kuyenda, ndipo kupitirira kwambiri munthu amaterereka, makamaka okalamba ndi ana. Tsono m'bafa lanu, kuchokera pangodya pamene pali paipi kufika pangodya yopingasana nayo pali mamita 3.2, ndipo tikachulukitsa ndi 1.5 tikupeza kuti pakufunika kusiyana kwa masentimita pafupifupi 5. Betonilha yomatirira pa konkire siyenera kupyapyala kuposa masentimita 2.5 pamalo alionse, ngakhale pa ralo penipeni, chifukwa yopyapyala kuposa apo imauma msanga n'kukanganuka. Ndiye kuti pamalo okwera kwambiri idzakhala masentimita 7.5, ndipo tikawonjezera tailosi ndi cimento-cola wake, zimene zimatenga pafupifupi masentimita 1.5, pansi padzakwera masentimita 9 mbali ya kukhomo. Yezani tsopano kuchokera pa konkire kufika pansi pa chitseko, ndiponso yerekezani ndi pansi pa kakhonde ka m'nyumba kolowera kubafako. Pansi pa bafa pamayenera kutsika pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri, poyerekeza ndi zipinda zina, ndipo ngati konkire wa nyumba yonse anathiridwa pa levulo imodzi, masentimita 9 amenewo adzasandutsa khomo la bafa kukhala sitepe yokwera imene izitsanulira madzi m'nyumba.

Njira imene ndingasankhe ine ndi kusuntha paipi kuti ralo ikhale pakati pa bafa. Mtunda wautali kwambiri umakhala mamita 1.6 okha, kusiyana kumatsika kufika masentimita 2.4, betonilha m'mphepete mwa makoma imakhala masentimita 5, ndipo pansi pamakwera masentimita 6.5 pamodzi ndi matailosi. Ngati konkire wanu wagona pa dothi, kudula kangalande ka paipi ndi ntchito ya tsiku limodzi, malinga paipiyo nayo itsike masentimita 2 pa mita ndipo iyesedwe ndi madzi isanakwiriridwe. Ngati ndi konkire wa nyumba yosanja wokhala ndi zitsulo m'kati, musadule kalikonse popanda injiniya kuona. Njira ina ndi kuika ralo yaitali yonga ngalande m'mbali mwa khoma la mamita 2.5, kuti pansi ponse patsetserekere mbali imodzi ndi kusiyana kwa masentimita 3. Njira imeneyi ndi yabwino kwambiri ngati mwagula kale matailosi akuluakulu, monga a masentimita 60 mbali zonse, chifukwa tailosi yaikulu singapindike kutsatira pansi potsetserekera pakati kuchokera mbali zinayi, ndipo imafunika kudulidwa mopingasa kuchokera m'ngodya za ralo kupita m'ngodya za bafa. Ralo ya pakati imagwirizana ndi matailosi ang'onoang'ono, a masentimita 10 kapena 20, amenenso saterera kwambiri chifukwa mipata yake ndi yambiri. Ralo iliyonse imene mungasankhe ikhale ndi khosi losunga madzi lotchinga fungo la m'mapaipi.

Konkire wanu akadali wamng'ono. Konkire amapitiriza kudzikoka kwa masabata angapo atathiridwa, ndipo malangizo a ntchito ya matailosi amati papite masabata osachepera 6 asanayalidwepo betonilha yoti idzalandire matailosi. Masabata atatu otsalawo muwagwiritse ntchito posuntha paipi, kupeza mchenga ndi kulemba miyeso.

Polemba miyeso, gwiritsani ntchito kapaipi koonekera m'kati kodzaza madzi, kamene amisiri amaika nako levulo, ndipo onetsetsani kuti mulibe thovu la mpweya. Sankhani pamene pamwamba pa tailosi padzafike pakhomo, yezani mita imodzi kupita m'mwamba, ndipo mzere umenewo muuzungulitse makoma onse anayi. Miyeso yonse izichokera pa mzerewu kupita pansi, chifukwa konkire ali ndi zitunda ndi maenje amene angakusocheretseni. Ngati ralo ili pakati, pamwamba pa betonilha m'mphepete mwa makoma onse pakhale masentimita 101.5 kuchokera pa mzere, ndipo pa ralo pakhale masentimita 104, zimene mungayeze pokoka chingwe kuchokera pa mzere wa khoma lina kufika pa khoma linzake. Kusunga levulo imodzi m'mphepete monse kumathandiza kuti mzere woyamba wa matailosi a khoma ukhale wowongoka, ngakhale kuti mbali zoyandikira ralo zimatsetsereka kwambiriko pang'ono. Mkombero wa ralo uikidwe moti pomaliza udzatsike mamilimita awiri kapena atatu poyerekeza ndi matailosi ouzungulira, pakuti ralo yotumphuka pamwamba pa tailosi imasiya dziwe lozungulira ngakhale pansi patatsetsereka bwino.

Betonilha zambiri zimene zimakanganuka zimalephera chifukwa cha kukonza konkire mwachidule. Pamwamba pa konkire pamakhala kakhungu kofewa ka simenti kamene kamayandama pothira, ndipo pamakhalanso matope ogwa populasitala makoma, penti, mafuta ndi fumbi, limene ku Moatize silisowa nyengo yachilimwe. Zonsezi zichotsedwe. Gogodani pansi ponse ndi nyundo ndi tchizulo mpaka miyala ya m'konkire iyambe kuonekera ndipo pakhale pokhakhala, kenako kwechani ndi burashi yawaya, sesani ndi kutsuka. Dzulo lake la ntchito thirani madzi okwanira kuti konkire amwe usiku wonse, ndipo m'mawa chotsani madzi onse odikha kuti pakhale ponyowa koma posanyezimira. Konkire wouma amayamwa madzi a m'matope nthawi yomweyo, simenti ya pansi n'kulephera kugwira. Ngati mupeza kuti konkire ndi wofumbutuka kapena wamwa mafuta moti sangayeretsedwe, betonilha yomatirira siingatheke, ndipo muyenera kuyala pulasitiki n'kuthira betonilha yoima payokha yosachepera masentimita 5 pamalo opyapyala kwambiri, zimene zikubwezeraninso ku nkhani ya chitseko ija.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala, wa timiyala tosapitirira mamilimita 4 kapena 5, wosefedwa kuchotsa zinyalala. Mchenga wosalala wopulasitalira umafuna madzi ambiri ndipo umang'aluka. Kaya ogulitsa akuuzani kuti wachokera ku Revúbuè kapena ku Zambezi, uyeseni nokha: thirani mchenga m'botolo loonekera m'kati kufika theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri n'kulisiya maola angapo. Dothi limakhazikika pamwamba pa mchenga ngati mzere wosiyana mtundu, ndipo ngati pa mchenga wa masentimita 10 mzerewo wapitirira mamilimita 6 kapena 8, mchengawo utsukidwe kapena ubwezedwe. Mchenga wokhala ndi timizu, masamba kapena tizidutswa ta malasha musaulandire. Simenti ikhale yatsopano yopanda mibulu, ndipo yolembedwa 32.5 pa thumba, nambala yosonyeza kulimba kwake, ndi yokwanira pa ntchito imeneyi. Madzi osakanizira akhale oyera, oti munthu angamwe.

Muyeso ndi gawo limodzi la simenti pa magawo atatu kapena anayi a mchenga, ndipo ayezedwe ndi ndowa imodzimodzi, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa ndi fosholo ya simenti sizinyamula mofanana. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi malita pafupifupi 35, choncho pa muyeso wa 1 kwa 4 thumba limodzi limafuna ndowa 7 za malita 20 za mchenga, ndipo pa 1 kwa 3 limafuna ndowa 5. Musalole kuti achulukitse simenti kupitirira 1 kwa 3 poganiza kuti ndiko kulimba, popeza matope a simenti yambiri ndi amene amadzikoka kwambiri n'kung'aluka. Bafa lanu ndi la masikweya mita 5, ndipo betonilha ya masentimita pafupifupi 4 tikaphatikiza pokwera ndi potsika idzadya thumba limodzi ndi theka la simenti ndi mawilibala atatu kapena anayi a mchenga. Gulani matumba awiri kuti yotsalayo ikhale ya phala lomatira.

Madzi ndiwo amasiyanitsa betonilha ndi matope omangira njerwa. Sakanizani simenti ndi mchenga zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenako wazani madzi pang'onopang'ono. Mukatapa matopewo n'kuwafinya m'manja aumbike ngati mbamu ya nsima, osayoyoka komanso osadontha madzi pakati pa zala. Amisiri othandiza amakonda kuwonjezera madzi chifukwa matope ofewa savuta kuyala, koma matope ofewa sasunga kutsetsereka, amatsikira okha ku ralo, ndipo madzi owonjezerawo akauma amasiya betonilha yofooka. Valani magolovesi poyesa, chifukwa simenti imawotcha khungu.

Poyala, yambani ndi timilu ta matope m'ngodya, pakati pa makoma ndi kuzungulira ralo, ndipo pamwamba pa kamulu kalikonse ikani kachidutswa ka tailosi n'kukagogoda mpaka kafike pa muyeso wake kuchokera pa mzere uja. M'mphepete mwa makoma ikani kansalu ka siponji kapena zinthu zina zofewa zochindikala pafupifupi sentimita imodzi, kuti betonilha isakanirire kukhoma. Kenako sungunulani simenti m'madzi ikhale phala lopakika ndi burashi, ndipo ngati mungapeze mankhwala omatira a SBR m'sitolo ya zomangira, aphatikizeni motsatira zolembedwa pa chigubu chake. Phalali lipakidwe mokwecha pa kachigawo kakang'ono kokha kamene mungakakwirire ndi matope lisanaume, chifukwa phala louma limasanduka chotchinga pakati pa konkire ndi betonilha, ndipo kukatentha limauma m'mphindi zochepa. Lumikizani timilu tija ndi mizere ya matope, kuzungulira makoma ndiponso kuchokera m'ngodya kupita pa ralo, kuti mizereyo ikhale njanji zoyendetsapo thabwa lowongoka kapena chitsulo cha aluminiyamu. Dzazani pakati pa mizere mopitirira pang'ono, tsindirani mwamphamvu ndi thabwa lolemera, kenako dulani zotsala ndi thabwa lowongoka lija mukuliyendetsa uku ndi uku. Kutsindira kumeneku n'kofunika kwambiri, pakuti matope a madzi ochepa osatsindirika amaoneka olimba pamwamba pamene m'kati muli mchenga woyoyoka, ndipo pamalo ochindikala kupitirira masentimita 5 ndi bwino kuyala kawiri motsatizana, gawo loyamba likadali laliwisi. Chotsani tizidutswa ta tailosi tija, tsekani maenje ake, ndipo salazani ndi thabwa losalazira. Musanyezimiritse ndi mpeni wachitsulo ndipo musawaze simenti youma pamwamba monga amachitira pansi pa nyumba yopanda matailosi, chifukwa cimento-cola amagwira bwino pokhakhala. Yambirani kutali ndi khomo n'kumabwerera chakukhomo, ndipo bafa lonse lithe tsiku limodzi. Matope amene akhala kupitirira ola limodzi chisakaniziridwe atayidwe, asafewetsedwenso ndi madzi.

Nyengo ya kumene mukumangako ndiyofunika kuiganizira mozama. Ku Tete ndi ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo simenti imafuna madzi kwa masiku angapo kuti ilimbe. Betonilha ya madzi ochepa ikasiyidwa pa mpweya wotentha chonchi imauma isanalimbe, ndipo pakatha sabata mumatha kuikanda ndi msomali mchenga n'kumayoyoka. Yambani ntchito m'mamawa, sungani mchenga ndi madzi pamthunzi, ndipo mukangomaliza phimbani pansi ponse ndi pulasitiki, m'mphepete mutatsindika ndi njerwa, kwa masiku 7, zenera ndi chitseko zili zotseka. Ngati palibe pulasitiki, yalani masaka onyowa tsiku lotsatira ndipo asaume ngakhale masana amodzi. Akatha masiku 7 vundukulani kuti iume pang'onopang'ono kwa masabata ena awiri, kutanthauza kuti papite masabata osachepera atatu matailosi asanaikidwe. Kwanu ku Angónia, kumene kumazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndiponso kumakhala chinyezi nthawi ya dzinja, kuuma kumachedwa ndipo nthawiyi iyenera kutalikitsidwa. Poyesa, matani kapulasitiki ka masentimita 50 mbali zonse pansi ndi tepi usiku wonse, ndipo mukapeza madontho kunsi kwake kapena pansi pada, dikiranibe.

Musanalipire gawo limeneli la ntchito, yesani zinthu zitatu muli limodzi ndi mmisiri. Gogodani pansi ponse ndi chitsulo kuti mumve ngati pali pamene pakumveka mphako, goneketsani thabwa lowongoka la mamita 2 motsatira kutsetsereka kuti muone ngati mpata wa pansi pake sukupitirira mamilimita 3, ndipo thirani ndowa ya madzi m'ngodya iliyonse n'kuyang'ana kumene akupita. Kuyesa ndi madziku kuchitike tsiku lovundukula pulasitiki, kuti pansi padzakhale ndi nthawi youma. Dziwe laling'ono likhoza kukonzedwa ndi matope okonzera pansi ogulidwa m'sitolo, koma pamene pakumveka mphako yaikulu padulidwe n'kuyalidwanso.

Betonilha payokha siitchinga madzi. Ikauma, pakani mankhwala otchinga madzi amene amagwirizana ndi cimento-cola, kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba, kukwera m'makoma masentimita 15 mpaka 20 kuzungulira bafa lonse ndi kupitirira msinkhu wa munthu pamalo osambira penipeni. M'ngodya za pansi ndi khoma ndiponso kuzungulira ralo ikani kansalu kolimbitsa kamene kamagulitsidwa pamodzi ndi mankhwalawo, chifukwa ndi mmene kudontha kumayambira. Phula wamba musapake, popeza cimento-cola sagwirapo. Tsekani ralo, dzazani madzi masentimita awiri kapena atatu kwa tsiku lathunthu, ndipo yang'anani kuseri kwa makoma. Poika matailosi, cimento-cola apakidwe ndi mpeni wa mano ndipo adzaze kunsi konse kwa tailosi, osati timilu tisanu, ndipo pamene pansi pakumana ndi khoma pamatidwe ndi silikoni.

Khonde limatsatira njira yomweyi, koma litsetserekere kunja, kutali ndi khoma la nyumba, masentimita 1 mpaka 1.5 pa mita, kapena 2 ngati mvula imagwerapo mwachindunji. Popeza dzuwa limafutukula matailosi masana ndipo usiku amabwerera, siyani mpata wofewa wa mamilimita osachepera 6 pa mamita atatu alionse ndi m'mphepete mwa khoma, wodutsa tailosi ndi betonilha yomwe, wodzazidwa ndi zomatira zofewa zopirira dzuwa. Paliponse pamene konkire wa pansi ali ndi mpata wolumikizira, mpatawo upitirire mpaka pamwamba pa tailosi pamalo omwewo. Gulani cimento-cola wolembedwa kuti ndi wa panja, sankhani matailosi osaterera a mtundu wowala chifukwa akuda amatentha kwambiri, ndipo mzere womaliza utuluke sentimita imodzi kapena awiri kupitirira m'mphepete mwa khonde kuti madzi azidonthera pansi m'malo motsikira pa maziko. Khonde lisayalidwe masana dzuwa lili pamutu, ndipo masiku 7 ophimba aja pakhale mthunzi wa mphasa kapena udzu pamwamba pa pulasitiki.